Mbedza, nati ndi Newton: n'chifukwa chiyani chingwe chimapiringizana tikaponya?

Aliyense amene anawedzako mu Sombani, ku Mpoto kapena m'madambo a kuno kwa Nazombe akulidziwa vuto ili. Wamanga mbedza bwinobwino, waika nyongolotsi, wamangirira kanati kuti nyambo imire msanga. Waponya, chubwi! Wadikira mphindi khumi, kuli zii. Potukula ukupeza mbedza yakola chingwe chake chomwe, nati yazungulira choyandama katatu, nyongolotsi ili pamwamba m'malo mokhala pansi pomwe pali mlamba.

Ena amati ndi mphepo, ena amati ndi tsoka chabe. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi ndikuti nkhaniyi ndi yomwe ija timalemba pa bolodi, ndipo mutu wake ndi umodzi: chingwe chimapiringizana chikakhwefuka pamene zinthu zomangidwapo zikuyenda pa liwiro losiyana. Chingwe chokungika sichimanga mfundo. Mukagwira chiganizo chimenechi, zonse zili m'munsimu ndi kungochitambasula basi.

Musaione ngati nkhani yachibwana. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Nsomba zikachepa, makumba, matemba ndi milamba zimakwera mtengo pamsika, ndiye mwana amene wabwera ndi milamba iwiri madzulo wathandiza pakhomo. Chingwe chikapiringizana kwambiri timachita kudula, mbedza n'kutayika, pomwe zonsezo n'zogula. Choopsa kuposa apo n'chakuti nati ndi mbedza zoponyedwa molakwika zimabwerera kumaso kwa woponya kapena kwa mnzake.

Zinthu zitatu, chingwe chimodzi

Tiyeni tione kaye zomwe zimakhala pa chingwe. Kamangidwe kofala ndi aka. Kumtunda kuli choyandama, kaya ndi kachidutswa ka silipasi yakutha, kaya ka bango louma. Pakati pali cholemetsa: nati ya njinga, kamwala kapena mtovu. Kumapeto kuli mbedza ndi nyambo. Zitatuzi zimanyamuka pamodzi, pa liwiro limodzi, koma zikafika m'mwamba chilichonse chimaonetsa khalidwe lake.

Lamulo loyamba la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, limati chinthu chimene chikuyenda chimapitiriza kuyenda pa liwiro lomwelo, kulunjika komweko, pokhapokha force ina itachisokoneza. Kuuma mutu kumeneku ndi komwe timakutcha inertia, ndipo kumakula mass ikamakula. Mukakwera lole kuchoka pa Chiringa kupita ku Migowi, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi, matumba a nandolo amatsetserekera kutsogolo pamodzi ndi inu nomwe. Lole yaima, koma matumba sanauzidwe.

Nanga m'mwamba muja, ndi force iti imene imasokoneza nati ndi nyambo? Ziripo ziwiri. Yoyamba ndi gravity, koma imeneyi ilibe tsankho: chopepuka ndi cholemera imazipatsa acceleration yofanana, pafupifupi 10 m/s². Ndiye si gravity imene imazilekanitsa. Yachiwiri ndi kukana kwa mpweya, air resistance m'mabuku anu, ndipo mlandu uli pa imeneyi.

Tiwerengere limodzi ndi lamulo lachiwiri, F = ma, lomwe tikalitembenuza limakhala a = F ÷ m. Tiyerekeze kuti mpweya ukukankha nati ndi nyambo ndi force yofanana, 0.01 N. Nati ndi ya magalamu 20, kutanthauza 0.02 kg, ndiye a = 0.01 ÷ 0.02 = 0.5 m/s². Mbedza ndi nyongolotsi yake ndi galamu imodzi, 0.001 kg, ndiye a = 0.01 ÷ 0.001 = 10 m/s². Mwaona? Nyambo ikutaya liwiro mofulumira kuwirikiza ka 20 kuposa nati.

Zotsatira zake n'zosavuta kuziganiza. Nati imatsogola. Nyambo, yomwe inali kumapeto, imatsalira m'mbuyo, ndipo kachingwe kake kamapindika n'kugona pambali pa chingwe chachikulu. Tsopano muli ndi zingwe ziwiri zoyandikana m'mwamba, china chili ndi ngowe kunsonga. Kagwedezeke pang'ono chabe, zakolana.

Bwanji mtovu, osati mwala?

Asodzi amakonda mtovu chifukwa cha density. Madzi ali ndi 1 g/cm³, miyala yambiri pafupifupi 2.6, chitsulo 7.9, mtovu 11.3, ndipo chitsulo china chotchedwa tungsten chimafika 19.3. Kuti mupeze magalamu 20, mwala uyenera kukula pafupifupi 7.7 cm³, chitsulo 2.5 cm³, mtovu 1.8 cm³ yokha. Chaching'ono chimakumana ndi mpweya wochepa, choncho chimapita patali, komanso chimamira msanga. Ubwino umenewu uli ndi mtengo wake: cholemetsa chikamathamanga mosavutika, m'pamene chimasiya nyambo m'mbuyo kwambiri.

Palinso msampha wina. Ena amamanga nati ziwiri zofanana motalikirana, poganiza kuti chingwe chimira bwino. Zolemera ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe zikaponyedwa, zimazungulirana pa malo apakati pawo, centre of mass. Abusa a ng'ombe a ku Argentina ali ndi chida chotchedwa bolas, miyala yomangidwa ku zingwe, chomwe amaponya dala kuti chikazengereze miyendo ya nyama. Mukamanga nati ziwiri motalikirana, mwapanga bolas osadziwa, ndipo chomwe ikole ndi chingwe chanu chomwe.

Mfundo imafuna mpata

Chingwe chili ndi khalidwe limodzi lofunika: chimatha kukoka, sichitha kukankha. Force yokokayo ndi tension. Tension ikakhalapo, chingwe chimawongoka. Ikangotha, chingwe chilibenso chochilamulira, chimapinda momwe chafunira. Tengani chingwe cha nsapato muyese kumanga mfundo mnzanu atachikoka mbali zonse. Sizitheka, eti? Kuti mfundo ibadwe pamafunika zinthu ziwiri: kabwalo kopindika, ndi nsonga yomasuka yoti ilowe m'kabwaloko. Kabwalo kamabwera pokhapokha chingwe chikakhwefuka.

Zimenezi asayansi anaziyesa ndithu. Mu 2007, Dorian Raymer ndi Douglas Smith a ku University of California, San Diego, ankaika zingwe m'bokosi n'kumalizungulitsa, ndipo anabwereza maulendo 3,415. Anapeza kuti zingwe zofupika kuposa masentimita 46 sizimamanga mfundo, koma zikamatalika mwayi wa mfundo umakwera mpaka pafupifupi theka la maulendo. Zingwe zolimbirapo, zosapindika msanga, zinkamanga mfundo mwa apo ndi apo poyerekeza ndi zofewa. Sungani zinthu ziwirizi, kufupika ndi kulimba, tizifuna kutsogoloku.

Asodzi amene amaponya chingwe, osati nyambo

Pali mtundu wina wa usodzi umene vutoli analiganizira mozama, ndipo tingaphunzireko zambiri. Pa Chingerezi amati fly fishing. M'Malawi muno umachitika m'mitsinje ndi m'madamu ozizira a pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda pa Nyika, komwe kuli nsomba yotchedwa trout imene inabwera ndi azungu m'nthawi ya atsamunda. Nyambo yake si nyongolotsi. Ndi mbedza yokulungidwa ndi nthenga ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo, ndipo imapepuka kwambiri moti simungaiponye payokha. Tayesani kuponya nthenga ya nkhuku muone pomwe igwere.

Ndiye amatani? Amalemetsa chingwe chenichenicho. Chingwe cha nambala 5, chomwe ambiri amawedzera trout, mamita ake 9 oyambirira amalemera pafupifupi magalamu 9. Msodzi amakankha ndodo kutsogolo n'kuiimitsa, ndipo chingwe chimapanga chipindo chonga chilembo U chogona chammbali. Mwendo wapansi wa U waima, wagwidwa ndi ndodo. Mwendo wapamwamba ukuthamanga kutsogolo, ukufupika pang'onopang'ono mpaka chingwe chonse chitatambasuka. Popeza mbali yoyendayo ikunka ichepa, energy imasonkhana pa mass yochepa, monga zimachitikira ndi chikwapu cha woyendetsa ngolo. Kanthenga kaja kamangotengedwa ulele, n'kukatera pamadzi mwakachetechete.

Zonsezi zimayenda bwino nyambo ikakhala yopepuka. Koma trout imadya kwambiri pansi pa madzi, pomwe pali timphutsi ta tizilombo, ndiye msodzi amakakamizika kuika kamkanda ka tungsten pamutu pa mbedza, kapena timibulu ta mtovu pa chingwe. Apa zinthu zimasintha. Kunsonga kwa chikwapu kuja tsopano kuli chinthu cha inertia yaikulu. Chingwe chikatambasuka, cholemeracho sichiima mwaulemu ayi. Chimagwedeza chingwe, chimadumpha, chimagwera m'munsi mwa mwendo wapansi, kapena chimadzamenya ndodo ngakhale chigaza cha mwiniwake. Komanso msodzi akakankha mwadzidzidzi, nsonga ya ndodo imavuwama panjira, miyendo iwiri ya U n'kupingasana. Mfundo zobadwa motere amazitcha mfundo za mphepo, chonsecho nthawi zambiri mphepo imakhala yosalakwa. Wolakwa ndi dzanja.

Kukhota mozungulira, osati modukiza

Njira yomwe asodzi amenewa anapeza ndi yoti cholemetsa chisabwerere m'njira yomwe chadzera. Amakokera chingwe m'mbuyo chammbali, motsika, kenako osaima amakweza dzanja n'kuchibweretsa kutsogolo chodzera pamwamba. Nsonga ya ndodo imajambula chinthu chonga dzira m'mwamba. Kaponyedwe aka anakatchukitsa ndi Hans Gebetsroither wa ku Austria, ndipo ambiri lero amakatcha Belgian cast. Tione chifukwa chake kamagwira ntchito.

Tengani nati yathu ya 0.02 kg ikuthamangira m'mbuyo pa 10 m/s. Mukufuna ibwerere kutsogolo pa 10 m/s. Momentum yake, mass kuchulukitsa ndi velocity, iyenera kusintha kuchoka pa 0.2 kulowera uku kufika pa 0.2 kulowera uko, kusintha konse ndi 0.4 kg m/s. Force ndi kusintha kwa momentum kugawa ndi nthawi. Mukaibweza modukiza, tinene m'masekondi 0.02, force = 0.4 ÷ 0.02 = 20 N. Kumeneko ndi ngati kupachika paketi ziwiri za shuga za kilogalamu imodzi imodzi pa kachingwe ka mbedza, mwadzidzidzi. Nyongolotsi imathothoka, mfundo yofooka imaduka, ndipo nati imadumpha n'kusiya chingwe chokhwefuka.

Tsopano ikhotetseni mozungulira, pa bwalo la radius ya mita imodzi. Force yofunika ndi centripetal force, mv² ÷ r, ndiye 0.02 × 10 × 10 ÷ 1 = 2 N. Yachepa kakhumi, ndipo chachikulu n'chakuti sikutha ngakhale kamphindi. Chingwe chakungika kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati cha gulaye. Njira yopita m'mbuyo ndi yobwerera kutsogolo zasiyana, ndiye palibe poti miyendo iwiri ikumanirane.

Asodzi omwewa ali ndi nzeru zina ziwiri. Amakulitsa chipindo cha U chija kuti cholemetsa chidutse patali ndi chingwe chapansi. Ndipo m'mtsinje, m'malo mogwedeza chingwe m'mwamba kangapo, amachisiya kuti madzi achikokere kumunsi mpaka chiwongoke, kenako n'kuchiponya kumtunda kamodzi kokha. Madzi ndi amene akunga chingwe. Kugwedeza kulikonse m'mwamba kuli ngati kuzungulitsa bokosi la Raymer ndi Smith kamodzi, ndiye kuchepetsa kugwedeza ndi kuchepetsa mwayi wa mfundo.

Tibwere nazo ku nsungwi yathu

Mwina mukuti, aphunzitsi, ife tilibe ndodo za azungu. Zoona, koma malamulo a Newton sasankha ndodo. Nsungwi yokhala ndi chingwe ndi nati kunsonga ndi pendulum, yomwe ija timayesa m'kalasi. Nthawi ya ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, ndi T = 2π√(L ÷ g). Chingwe cha mita imodzi chimatenga pafupifupi masekondi 2. Cha mamita 2.5 chimatenga pafupifupi masekondi 3.1. Chingwe chikatalika, dzanja liyenera kudekha. Mukakankha kutsogolo nati isanamalize ulendo wake wam'mbuyo, chingwe chimakhwefuka, kenako n'kugwedezeka.

Kaponyedwe kotetezeka ndi kodzera pansi. Gwirani chingwe pafupi ndi nati ndi dzanja lamanzere, nsonga ya nsungwi italoza kumadzi. Kwezani nsungwi pang'onopang'ono mukuonjezera liwiro, siyani chingwe, nati ilendewere kutsogolo ngati katungwe. Ikafika kumapeto, tsitsani nsungwi moitsatira. Liwiro liyambe laling'ono, likule, osati kudzidzimutsa.

Chinthu chachiwiri ndi muyeso wa mphamvu. Air resistance imakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mpweya umakankha nyambo m'mbuyo kuwirikiza kanayi. Komanso twaini ya nayiloni imatamuka ngati sipuling'i. Nati ikafika pothera chingwe idakali ndi energy yambiri, nayiloni imaisunga energy imeneyo, kenako n'kuibweza, nati n'kubwerera m'mbuyo kudzagwera pa mulu wa chingwe chokhwefuka. Ponyani ndi mphamvu yongokwanira kuti chingwe chiwongoke. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Chachitatu ndi cha amene amaponya chingwe chachitali chokulungidwa pa botolo. Ponyani chokwera, pakati pa madigiri 30 ndi 45, kuti chingwe chikhale ndi nthawi yowongoka. Nati ikatsala pang'ono kugwa, panani chingwe ndi chala mofatsa. Nati ichepetsa liwiro, koma nyambo, yomwe imakokedwa kumbuyo kwake, ipitirira mwa inertia yake n'kuidutsa. Zonse zimatera pamzere: nyambo patsogolo, nati pakati, choyandama pambuyo. Inertia yomwe inatisokoneza poyamba ija, pano yatigwirira ntchito.

Mukadzaona msodzi wachikulire akuponya, musayang'ane pomwe mbedza igwere. Yang'anani dzanja lawo. Mupeza kuti silithamanga, silidukiza, ndipo limatsatira chingwe mpaka chitatera. Iwo sanalembeko F = ma, koma dzanjalo likulidziwa lamuloli.

Kamangidwe: apa pakufunika masamu a rula

Theka la nkhondoyi mumaipambana musanaponye. Malamulo ndi anayi.

Loyamba, cholemetsa chikhale pamalo amodzi. Ngati nati imodzi yachepa, ziwirizo zigundane, zisatalikirane.

Lachiwiri, mtunda wochoka pa nati kufika pa mbedza ukhale waufupi kuposa wochoka pa nati kufika pa choyandama. Yesani chonchi: pindani chingwe pa nati, mbedza iloze kumtunda. Ngati yafika pa choyandama, idzafikanso m'mwamba n'kuchikola. Fupikitsani.

Lachitatu, ngati malo alola, ikani nati kumapeto kwenikweni, mbedza zikhale pa tinthambi tatifupi kumtunda kwake. Motere chotsogola mwachibadwa ndi chomwe chili kale kutsogolo, ndipo chingwe chonse chimakokedwa mowongoka. Palibe chopindika.

Lachinayi, tinthambito tisathe kukumana. Ngati kanthambi kalikonse ndi ka masentimita 10, kapamwamba kangafike masentimita 10 kumunsi, kapansi masentimita 10 kumtunda. Ndiye mpata pakati pa mfundo zawo upose masentimita 20, kawiri kutalika kwa kanthambi. Tinthambi tikhale tatifupi, ta twaini yolimbirapo, mogwirizana ndi zomwe anapeza m'bokosi muja.

Pali mdani winanso wobisika: kupotana. Nyongolotsi yoikidwa mokhota pa mbedza imazungulira ngati pulopela, m'mwamba ndi m'madzi momwe, n'kumapota chingwe. Chikadali chokungika simuona kanthu. Chikangokhwefuka, chimadzipota chokha. Ikani nyambo mowongoka. Posunga chingwe pa kamtengo, kulungani mopingasa ngati nambala 8, chifukwa kupota kwa mbali imodzi kumafafanizidwa ndi kwa mbali inayo. Ngati chapotana kale, chotsani zonse n'kuchisiya chitambasuke m'madzi oyenda kwa mphindi zingapo.

Diso ndi limodzi limodzi

Tiwerengere kinetic energy, ½mv². Nati ya 0.02 kg pa 20 m/s ili ndi ½ × 0.02 × 20 × 20 = 4 J. Ndi chimodzimodzi mwala wa kilogalamu imodzi wogwa kuchokera pa masentimita 40, koma zonsezo zikutera pa malo ochepa ngati chikhadabo. Pa mkono patupa. Pa diso ndi nkhani ina. Musanaponye chewukani, ndipo mng'ono wanu akhale patali kuposa nsungwi ndi chingwe mukaziphatikiza. Mphepo ikamaomba chammbali, chingwe chidzere mbali imene mphepo ikupita, kuti izichikankhira kutali ndi thupi lanu.

Mbedza ikakola muzu kapena mlulu pansi pa madzi, musakoke molunjika kumaso. Nayiloni yotamuka ili ngati legeni yokoka kale, ndipo mbedza ikamasuka, nati imabwera motsata chingwe. Lozetsani nsungwi pansi ndi pambali, nkhope itembenukire kwina. Mbedza ikalowa m'diso kapena pafupi nalo, musaizule. Dulani chingwe, munthuyo apite kuchipatala msanga.

Mtovu nawo ndi poizoni. Umawononga ubongo ndi magazi, makamaka a ana, ndipo umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono. Musaulume ndi mano pofuna kuupana pa chingwe, musasungunule mtovu wa m'mabatire, ndipo sambani m'manja musanadye. Nati yachitsulo imakula pang'ono, koma ilibe vuto limeneli. Pomaliza, musatukule ndodo yaitali yonyowa pafupi ndi mawaya a magetsi kapena kukamachita ziphaliwali.

Yesani nokha pabwalo la sukulu

Musangokhulupirira zonena zanga, fizikisi imafuna umboni. Khalani atatuatatu: woponya, woyang'ana chammbali, ndi wolemba. Pezani nsungwi ya mamita awiri, twaini ya mamita 2.5, nati ziwiri, kachidutswa ka silipasi, ndi kawaya kopinda kosasongoka komangirira kansalu. Kawayako kaimire mbedza ndi nyambo. Mbedza yeniyeni isafike pabwalo.

Mangani mwanjira zitatu. Njira A: nati imodzi, kawaya masentimita 60 kumunsi kwake, choyandama masentimita 30 kumtunda. Njira B: nati ziwiri zotalikirana masentimita 30, kawaya kumapeto. Njira C: nati kumapeto, kawaya pa kanthambi ka masentimita 10. Njira iliyonse muponye ka 20 modzera pansi, n'kulemba kuti yapiringizana kangati. Kenako bwerezani zonse mukuponya mwamphamvu, modukiza, chodzera pamutu.

Jambulani tebulo, kenako bar graph. Musanayambe, lembani zomwe mukuyembekeza ndi chifukwa chake. Tchulani chomwe mukusintha, chomwe mukuyeza, ndi zomwe ziyenera kukhala zosasintha: woponya, kutalika kwa chingwe, komwe mphepo ikuchokera. Kaganizidwe kameneka ndi komwe kamafunika pa mayeso a practical a MSCE. Zotsatira zikasiyana ndi zomwe mumayembekeza, musazisinthe kuti zikome. Funsani kuti chachitika n'chiyani, chifukwa sayansi imayambira pamenepo.

Mafunso odziyesa

1. Mtovu wa magalamu 30 ukuuluka pa 15 m/s. Pezani kinetic energy yake.

2. Nati ya 0.02 kg ikuzungulira pa 10 m/s pa bwalo la radius ya mamita 2. Pezani tension yofunika, osawerengera gravity. Yerekezani ndi 2 N yomwe tinapeza pa mita imodzi. Zikukuuzani chiyani za kukula kwa bwalo?

3. Msodzi wamanga tinthambi tiwiri ta masentimita 12. Mpata pakati pawo upose masentimita angati?

4. Chingwe cha pendulum ndi cha mamita 0.9. Pezani T, mutatenga g kukhala 10 m/s².

5. Gravity imapatsa nati ndi nyambo acceleration yofanana. Fotokozani m'ziganizo zitatu chifukwa chake nyambo imatsalirabe m'mbuyo.

Mukamaliza, dzichongereni. Loyamba ndi pafupifupi 3.4 J. Lachiwiri ndi 1 N, theka la poyamba, kusonyeza kuti bwalo lalikulu limafewetsa kukoka. Lachitatu ndi masentimita 24. Lachinayi ndi pafupifupi masekondi 1.9. Lachisanu ndakusiyirani dala. Mulembe pa Chingerezi monga mungayankhire pa mayeso, kenako mukafotokozere munthu wa kunyumba pa Chichewa kapena pa Chilomwe, nati ndi chingwe zili m'manja. Akamva n'kugwedeza mutu, dziwani kuti phunziroli lalowa.